Maluwa a Bambo Wapampando

"Pamenepo ayi, bambo a Takondwa. Dzalani pena paliponse, koma pamenepo ndi panjira," anatero Lines kwa mwamuna wake.

"Njira yopita kuti?" anafunsa a Hilario osadzutsa mutu. Anali atagwada pathumba la feteleza kuti asadetse thalauzi, m'manja atavala magolovesi achikopa, akukwirira tsinde la kachitsamba ka minga.

"Mukufunsa ngati mwabwera dzulo pamudzi pano. Yopita kwa achemwali."

"Msewu ulipo. Boma linalambula msewu kuti anthu aziyendamo, osati kumadutsa m'mabwalo a eni ake ngati nkhuku."

Lines anatula ndowa nayang'ana zitsambazo. Zinalipo makumi atatu kapena kuposerapo, zofika m'chiuno, nthambi zake zotuwa, zodzala minga kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Kunsongako kunali timasamba towerengeka ndi timaluwa tofiira psu, tiwiritiwiri. Chigawo chonse cha Nambuma panalibe wina amene anali ndi chomera chotere. Mwamuna wakeyo anachitenga kunyumba ya bwana wina ku Chitedze, kumene ankagwira ntchito yosamala maluwa, nakhala akuchichulukitsa kuseri kwa chigafa cha fodya. Tsopano anali atazula zonse n'kuzindandalika kuyambira pakhola la mbuzi mpaka pachigafa, kutseka kanjira kopita kukanyumba ka udzu ka Evelyn, mkulu wake wa Lines.

"Inu mukudziwa kuti achemwali akamva kuti matenda aja ayandikira amathamangira kuno," anatero Lines. "Amagwera pakhonde panga, ine n'kuwagwira mutu. Mukufuna azikagwera pamoto ngati kale?"

"Ndi zomwezo ndikukana. Pakhonde panga si pachipatala. Pakatha masabata atatu mphakati wonse udzachitira Njira ya Mtanda pabwalo pano, ndipo wapampando ndine. Mukufuna alamu adzagwe pamaso pa akhristu, thovu kukamwa, nsalu kwina iwo kwina?"

"Kodi khunyu ndi tchimo?"

"Sindinati tchimo. Koma nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mwana wathu akamaliza sukulu adzamufunsira ndani, anthu akamaona kuti pakhomo pano pamagwa munthu?"

"Dothi mukukumbalo ndi la malemu amayi athu, ndipo wamkulu pa malo ano ndi achemwali. Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo."

A Hilario anaimirira, navula golovesi limodzi pang'onopang'ono, naloza denga.

"Malata awo anakhoma ndi mkamwini yemweyo. Ndisanabwere ine munkagona ndi mbale pamutu mvula ikamagwa. Ndipo musamati minga ngati mukunena za kankhande wa kudambo. Dzina lake ndi chisoti cha minga. Ndi mtundu womwewo umene asilikali analuka n'kuveka Ambuye. Ndi chomera chopatulika chimenechi, mayi a Takondwa. Thirani madziwo, ndowa imodzi zitsamba zitatu."

Lines ananyamula ndowa ija nathirira. Tsiku limenelo anapita kumjigo kakhumi.

Inali nyengo yothyola fodya, ndipo m'mudzimo munalibe wosoka fodya mwaluso kuposa Evelyn. Khunyu limene a Hilario ankaliopa pakhonde sankaliopa pamasamba awo. M'mawa uliwonse ankaponya mitolo ya fodya pamwamba pa mpanda wa minga uja, madzulo n'kukuwa kuti, "Alamu, ponyani zomwe mwasoka!" Zikomo wake anali womwewo.

Lines anayamba kuzungulira kumsewu popereka chakudya: kutuluka pachipata, kutsata mpanda wa oyandikana nawo, kudutsa pamjigo, n'kulowera m'kanjira ka m'chimanga. Tsiku lachitatu anapeza mkulu wake atakhala pamkeka, singano m'manja, dzanja lamanzere lija la zipsera za moto likusanja masamba.

"Maluwa ake ndi okongola ndithu," anatero Evelyn. "Ndikakhala apa ndimawaona bwino kuposa eni ake."

"Chikomekome cha mkuyu, achemwali, m'kati muli nyerere."

"Usayambane ndi mwamuna chifukwa cha ine. Mankhwala ndikumwa. Mwezi uno ndagwa kamodzi kokha."

"Nanga mukamva fungo lija?"

Evelyn anaseka pang'ono. Matenda ake ankayamba ndi fungo ngati la nsanza yopserera, ndipo iye ankadziwa kutalika kwa nthawi imene ankakhala nayo.

"Ndikamva fungo ndimanena Tikuoneni Maria mmodzi ndi theka ndisanagwe. Kanjira kathu kaja kankangofuna mmodzi, theka n'kutsala loti ndikhalire pansi. Dzulo ndinayesa kumsewu. Ndi asanu, Lines. Ndiye ndikhala ndikugwera pamjigo, amayi aziona zaulere."

Mawu amenewo anamutsata Lines mpaka kwa amalume ake, a Gladson, mwinimbumba wawo. Anawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza mpando wa njinga, atavala jekete limene Lines analizindikira bwino, poti ndi iye ankalichapa a Hilario asanalipereke kwa amalumewo ngati mphatso.

"Nkhani ya maluwa mpaka ifike kwa ine?" anatero a Gladson atamva zonse. "Ena amabwera pano ndi mano oguluka, iwe ukubwera ndi maluwa?"

"Si maluwa, amalume. Ndi mpanda. Atsekera kunja mwana wa mlongo wanu pa malo a amayi ake."

"Wamutseka m'nyumba? Wamumana chakudya? Ayi. Ndiye mlandu uli pati? Mkamwini ameneyu ndi wachitukuko, samwa, sakumenya, kutchalitchi amakhala kutsogolo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Pita ukapirire."

"Akadzavulala?"

"Tidzaona pomwepo. Usalire maliro munthu ali moyo."

Lines anabwerera. Ndipo kunena zoona, nayenso anazolowera. Ankathirira mingayo m'mawa, kusesa timaluwa tothothoka, kumwetulira anthu odutsa akamaima pachipata kuyamikira. Mwamuna wake ankatuluka ndi mpando kukafotokozera aliyense za asilikali a ku Yerusalemu ngati analipo tsikulo. Ankachenjezanso kuti nthambi ikathyoka imatuluka utomoni woyera ngati wa nkhadze, woti ukalowa m'maso munthu amaiwala dzina lake. Izi ankazinena monyada, ngati mwini galu woluma.

Lachisanu la Njira ya Mtanda linafika. A Hilario anakhoma timitanda khumi ndi tinayi kuzungulira bwalo, tambiri mwa ito motsata mpanda wa maluwa kuti akhristu agwade moyang'ana komweko. Mamawa anali atakuwira kale kutsidya: "Alamu, lero mupempherere m'nyumba. Mulungu amamva paliponse."

Anthu anabwera oposa makumi anayi. Kutsogolo kunagwada Phyllis, mlembi wa mphakati, ndi kolona wake wa mikanda ikuluikulu. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola, kunali Alice wogulitsa mandasi, amene sankalandira ukaristia chifukwa anali mkazi wachiwiri. Lines atasuzumira pakati pa nthambi anaona Evelyn atagwada pakhomo pa kanyumba kake, akuyankha mapemphero chapansipansi. M'nyumba sanalowe, koma sanayandikirenso.

Anafika pa malo achisanu ndi chimodzi. A Hilario anakweza mawu, dzanja pamtima.

"Abale, taonani mayi Veronika. Sanaope asilikali, sanaope malovu ndi magazi. Anavula nsalu yake napukuta nkhope ya wovutika. Nanga ife lero..."

"Lines!"

Linali liwu la Evelyn. Lines atacheuka anamuona akubwera chothamanga, osati cha kumsewu, koma molunjika pomwe panali kanjira kakale, kumene miyendo yake inazolowera zaka makumi awiri. Anafika pampanda, nayesa kupanikizika pakati pa zitsamba ziwiri. Chitenje chinakodwa. Anakoka kamodzi, kawiri, kenako thupi lonse linauma gwa, nagwa chafufumimba m'kati mwa minga.

Zimene zinachitika pabwalopo Lines sanaziiwale. Akhristu amene mawondo awo anali adakali ndi fumbi anabalalika ngati nkhanga. Amayi anatseka mphuno ndi zitenje, poti amati mpweya wa munthu wakugwa ukaupuma nawenso uyamba. Phyllis anathawa mpaka kumsewu, kolona akulendewera. Evelyn ankagwedezeka m'zitsambamo, nthambi zikuthyoka, utomoni ukumudonthera kumaso, minga ikumung'amba paliponse pamene thupi lamenya.

"Musawakoke choncho!" anakuwa a Hilario. "Mukuthyola zinanso! Dikirani ndikatenge magolovesi!"

Lines sanadikire. Analowetsa manja onse awiri, nagwira mkulu wake m'khwapa. Minga inamulowa m'mikono mpaka m'zigongono koma sanamve kanthu. Evelyn anali wolemera thupi, ndipo Lines yekha sakanatha. Wina anagwira miyendo. Anali Alice. Anamugoneka chammbali pabwalo, Alice navula mpango wake kumutu, naunyowetsa mundowa, nayamba kutsuka maso a Evelyn, akuthira madzi mobwerezabwereza.

"Wina aitane kabaza!" anakuwa Alice. "Mwangoti tong'o ngati mukuonera mpira? Bambo wapampando, foni muli nayo m'thumbamo!"

Kuchipatala cha mishoni anakhalako masiku khumi ndi awiri. Diso lakumanja, limene linangopsa ndi utomoni, linatupa masiku anayi kenako linayamba kuona. Lakumanzere munga unalowa pakati penipeni. Dokotala anauza Lines mosabisa kuti limenelo lapita.

A Hilario anabwera kamodzi, Loweruka, atanyamula nthochi zinayi. Namwino atawafunsa kuti wodwalayo anavulala bwanji, anayankha mwaulemu, manja kumbuyo.

"Anagwera patchire, amayi. Mukudziwa matenda awowa, sasankha pogwera."

"Tchire lake ndi lodzala ndi manja," anatero Lines ali pansi pambali pa bedi. "Lothiriridwa m'mawa uliwonse. Wothirira wake ndine."

Namwino anawayang'ana onse awiri, nalemba zake. A Hilario anatuluka msanga, ati kukonzekera Sabata Loyera.

Usana wina Evelyn anagwira dzanja la mng'ono wake, napapasa mabala a m'mikono.

"Ndinaiwala, Lines. Fungo litabwera mutu unangoti thamangira kwa Lines. Mpanda uja sindinaukumbukire n'komwe. Anakwiya kwambiri alamu?"

Lines anatuluka panja, nakakhala kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, nalira mpaka anzake anabwera kudzamufunsa ngati wodwala wake watsikira kuli chete.

Anabwerera kumudzi Lachitatu la pambuyo pa Pasaka. Njinga yamoto inawatsitsa pachipata, Lines atagwira mkulu wake padzanja. Bwalo linali losesedwa bwino. Pomwe panagwera Evelyn panali patadzalidwa kale zitsamba zina. Ndipo kutsogolo kwa mzere wakale kunali mzere wachiwiri, wa tinthambi tatifupitifupi tozikidwa m'dothi lonyowa, kuyambira pakhola mpaka pachigafa.

"Mwafika?" anatero a Hilario akutuluka m'nyumba. "Alamu, pepani ndi mavutowa. Koma mwalowera chipata cholakwika, kwanu n'kuseri." Ataona kumene Lines ankayang'ana, anamwetulira. "Ndi nthambi zija zinathyoka tsiku lija. Kutaya n'kulakwa, chomerachi chimaphuka msanga. Mizere ikakhala iwiri palibenso amene angayese kudutsa, ndiye ngozi sidzachitikanso. Ndaganizira iwo omwe. Ndipo mukanaona paguwa tsiku la Pasaka! Maluwa onse anali ochokera pano. Anthu anachita kundigwira chanza."

Lines anakhazika Evelyn pampando wa ndalema wa a Hilario, pakhonde. Analowa m'nyumba. Anatulutsa sutikesi, nsapato, wailesi, mabuku a nyimbo, nakaziika pamsewu. Anabwerera kukatenga njinga.

"Mayi a Takondwa, mwapenga?"

"Ndinapenga tsiku lomwe ndinanyamula ndowa yoyamba. Lero ndachira."

Anthu anayamba kusonkhana, ndipo pasanapite nthawi a Gladson anafika akupuma mwawefuwefu, ataitanidwa ndi a Hilario pafoni.

"Lines, banja sathetsa pamsewu ngati malonda a tomato," anatero. "Pali ankhoswe, pali mpingo. Ukwati wa patchalitchi uwu. Ngozi ndi ngozi, mwana wanga. Kodi mkamwini anamukankhira?"

"Munati tidzaona pomwepo, amalume. Bwerani muone."

Anapita pakhonde. Evelyn, osauzidwa ndi munthu, anamasula yekha bandeji, natembenuzira nkhope kwa amalume ake. Chikope chinali chitalowa m'kati, chosokedwa, ndipo tsaya lonse linali mizeremizere yakuda. A Gladson anayang'ana kamodzi, nagwetsa maso pansi.

"Mbumba yanu ndi imeneyo," anatero Lines. "Mlongo wanu pomwalira anakusiyirani maso anayi. Atsala atatu. Mukufuna tidikire atsale angati kuti ukhale mlandu? Kapena jekete lija ndi lotentha kwambiri moti pakamwa sipatseguka?"

Wina m'gulumo anaseka. A Gladson anakanda kumutu, nayang'ana mizere iwiri ija nthawi yaitali.

"Akamwini," anatero potsiriza, "mzere wachiwiriwu mwadzala munthu ali m'chipatala?"

"Chinyezi chikanatha, amalume. Mvula yapita."

"Ndiye pitani kaye kwanu ku Nsaru. Ankhoswe anu abwere tidzakambirane."

"Ine? Chifukwa cha maluwa?" A Hilario anatembenukira anthu, manja m'mwamba. "Akhristu anzanga, mukuona? Munthu ukafuna ukhondo pamudzi pa anthu osaphunzira, malipiro ake ndi amenewa. Chabwino. Koma malata ndi anga!"

"Khomolani," anatero Lines. "Mvula mwanena nokha kuti yapita."

Anakhomoladi. M'mawa mwake anabwera ndi ngolo ndi amuna awiri a kwawo, nachotsa malata onse mpaka misomali, natenganso fodya yense amene Evelyn anasoka. Zitsamba anazisiya, ati adzazitenga ankhoswe akagamula, ndipo aliyense wozikhudza adzaona.

Lines anazikhudza tsiku lomwelo. Anazizula ndi khasu chimodzichimodzi, mizere yonse iwiri, nazikokera ndi mphanda pakati pa bwalo kuti zifote. Iye ndi mkulu wake anasamukira m'kanyumba ka udzu kaja.

Mudzi unagamula mlanduwo ankhoswe asanafike. Pamjigo ankati Lines wathamangitsa mwamuna wopemphera, wosamwa, chifukwa cha kaduka ka maluwa. Ena ankati khunyu lija layamba kumulowa nayenso m'mutu, si uja anagwira thovu ndi manja. Lamulungu pambuyo pa mapemphero anthu anamudutsa ngati chitsa. Amene anamupatsa moni ndi Alice yekha.

Patatha sabata, Lines anaunjika mapesi ndi mitengo youma ya fodya pamwamba pa mulu uja, nathira parafini. Anakhazika Evelyn kumene kunkachokera mphepo kuti utsi usamufike kudiso lotsalalo. Akuti akhwatche machesi, anamva odi pachipata. Anali Phyllis, atavala chitenje cha mphakati, m'manja atanyamula kathumba ka shuga kopanda kanthu.

"Pepanitu ndi zonse zija, mayi a Takondwa," anatero atakhala pansi. "Ife tsiku lija tinangochita mantha, mukudziwa umunthu. Muli bwanji, a Evelyn? Mulungu ndi wamkulu, lina likuona eti?"

"Likuona," anayankha Evelyn. "Ndi inu nomwe ndakuonani."

Phyllis anaseka mwamanyazi, nasuntha pang'ono, maso ali pamulu uja.

"Ndiye ndimati musanawotche, mundigawireko tinthambi tingapo. Zisanu zokha zikwana, paja akuti zimaphuka msanga. Apongozi anga aja mutu unasokonekera ndi ukalamba. Amangolowa paliponse, pena m'khitchini, pena pabalaza alendo ali pomwepo, osasamba. Ndiye ndimati ndikangodzala kuzungulira kanyumba kawo..."

Lines anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Anakhwatcha machesi naponya pamapesi. Moto unalilima, minga n'kuyamba kuthetheka.

"Bwerani mawa ndi lichero, amayi a mlembi," anatero. "Mudzatenge phulusa."